Mwana wadzuka ku malungo aakulu koma wasintha, titani pakhomo?

Funso lafika kuchokera kwa mayi wina, ndalifupikitsa pang'ono. Mwana wawo wamwamuna wa zaka 8 anadwala malungo aakulu miyezi 5 yapitayo, anakhala chikomokere masiku atatu kuchipatala, atatsitsimuka n'kumaliza mankhwala anawatulutsa kuti malungo atha. Koma kunyumba mwana si yemwe uja. Amapsa mtima pa kanthu kakang'ono, amamenya mng'ono wake, ukamutuma amaiwala ali panjira, dzanja lamanzere sakuligwiritsa ntchito bwino, mwendo amachita kukoka, komanso wagwa kawiri ngati wa khunyu. Kusukulu aphunzitsi akuti wayamba mwano, apongozi akuti pali munthu wamuchita chipongwe, bambo ake angoti zii, amabwera usiku kudzagona basi. Mayiwo amaliza ndi mawu akuti, "Ine ndatopa, kodi adzachira? Nditani?"

Amayi, pepani kwambiri, ndipo zikomo kuti mwalemba mosabisa mpaka mawu akuti mwatopawo, ambiri amawameza poopa kuti anthu ati mayi wanji wotopa ndi mwana wake yemwe. Ine ntchito yanga ndi ya mafizo a ana nde nkhani ngati yanuyi si yachilendo kwa ine, ndipo chimene ndikufuna mugwire kaye musanawerenge zina zonse ndi ichi: malungo anatha inde, koma anasiya bala mu ubongo wa mwana, ndipo kupsa mtimako, kuiwalako, dzanjalo, kugwako, zonsezo zikuchokera pa bala lomwelo. Si mwano, komanso inu simunalakwe penapake.

Zimachitika chonchi. Tizilombo ta malungo timalowa m'maselo ofiira a magazi, maselowo amayamba kumata n'kumakakamira m'timitsempha ting'onoting'ono ta mu ubongo moti magazi sayenda bwino, mbali zina zimaperewera mpweya ndi shuga, ubongo umatupa, kuphatikiza apo kugwedezeka kobwerezabwereza kuja mwana ali chikomokere nakonso kumawononga. Zambiri zimene dziko likudziwa pa matendawa zinaphunziridwa konkuno, ku Gulupu ku Blantyre, kumene madokotala Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor anayamba kutsatira ana a malungo aakulu m'zaka za m'ma 1980, moti olo muyezo umene amaonera kuti mwana wakomoka kwambiri bwanji umatchedwa Blantyre Coma Score, unatuluka mu 1989. Mu 2015 atajambula ubongo wa ana ndi makina a MRI konko anaonetsa kuti kutupa kwa ubongo ndi kumene kumapha ambiri. Koma chokhudza inu kwambiri ndi kafukufuku wa mu 2010, wa ku Blantyre komweko, amene anatsatira ana opulumuka atabwerera kwawo, pafupifupi mmodzi mwa atatu aliwonse anapezeka ndi khunyu, kapena vuto la kayendedwe, la kuyankhula, kapena kusintha khalidwe. Mmodzi mwa atatu amayi, tangoganizani mabanja angati m'midzimu amene ali ndi mwana ngati wanu koma aliyense akuganiza kuti ndi yekha. Vuto ndi loti pa wodi ya ana anthu amakhala mbwee, anesi ochepa, mwana akangodzuka n'kuyamba kudya aliyense amati tathokoza, bedi lipite kwa wina, nthawi yokhala pansi kufotokoza zimene zingabwere m'miyezi yotsatira sipezeka.

Ndipo inu ena mukuwerenga, mwina wanu sanadwale malungo, anagundidwa ndi njinga yamoto ya kabaza, anagwa mu mtengo, anadwala matenda oumitsa khosi aja kapena anamira m'madzi n'kupulumuka, zambiri zili panozi ndi zanu zomwe.

Funso lakuti adzachira ndiliyankhe mosanyengerera. Ubongo wa mwana umatha kuphunziranso, mbali zimene sizinavulale zimatenga ntchito ina ya mbali zovulala, kusintha kwakukulu kumaoneka m'chaka choyamba kenako kumapitirira koma pang'onopang'ono kwa zaka. Pa miyezi 5 inu mudakali koyambirira. Dzanja ndi mwendo nthawi zambiri zimabwerera ndithu, ena mpaka kumathamanga, koma zosaoneka ndi maso zija, kuiwala, kusakhazikika, mtima wapachala, ndi zimene zimachedwa ndipo pena sizitheratu. Aliyense wokulonjezani kuti pofika mwezi wakuti akhala ngati kale, kaya ndi wa zitsamba kaya wa mapemphero kaya wavala gawuni yoyera ya kuchipatala, akungokusangalatsani.

Tiyambe ndi kugwako chifukwa ndi kumene sikungadikire. Mwana akagwa kawiri masiku osiyana thupi lisakutentha, kuchipatala amayamba kuganizira khunyu, ndipo matenda a khunyu ali ndi mankhwala. Sabata ino ino pitani naye ku chipatala chachikulu cha m'boma lanu, musadikire kuti agwenso, mukafotokoze kuti anagwa liti, zinatenga nthawi yaitali bwanji, kugwedezeka kunayambira mbali iti, anadzikodzera kapena ayi, atadzuka anali bwanji. Ngati pakhomo kapena kwa aneba pali foni ya kamera, akagwanso wina ajambule pamene inu mukumusamalira, kavidiyo kakafupi kamauza dokotala zambiri kuposa kufotokoza kwa ola lathunthu. Ndipo kugwa kwina sikugwetsa pansi, mwana amangoti duu maso ali tong'o, kutafuna popanda kanthu m'kamwa, kumuitana osayankha kwa kanthawi kenako n'kupitiriza ngati palibe chachitika, zimenezonso muzinene.

Mankhwala amene amapezeka kwambiri m'zipatala zathu ndi phenobarbitone, carbamazepine ndi sodium valproate. Onsewa amagwira ntchito akamamwedwa tsiku lililonse nthawi yomweyomweyo, osati pokhapokha wagwa ayi, ndipo kuwasiya mwadzidzidzi n'koopsa kwambiri, mwana atha kugwa kosalekeza mpaka moyo kukhala pa chiswe. Nthawi zambiri amamwa mpaka papite zaka ziwiri osagwa, ndiye dokotala yekha ndi amene amachepetsa pang'onopang'ono. Muzikatenga ena kudakali sabata kuti athe, mukuidziwa nokha nkhani ya "atha, bwerani Lolemba", ndipo akasowa pa chipatala chaching'ono musabwerere chimanjamanja, funsani kumene mungawapeze, kwa boma kapena ku mishoni. China chimene ambiri sauzidwa, phenobarbitone kwa ana ena amawonjezera kusakhazikika ndi ukali, nde kwa mwana wanu amene mtima uli kale pachala ngati amupatsa amenewa n'kuona kuti zaipiraipira bwererani mukanene kuti aone zosintha, musasiye nokha. Akamamwa carbamazepine n'kutuluka zidzolo pakhungu kapena zilonda m'kamwa, tsiku lomwelo kuchipatala. Ndipo akadzadwalanso malungo, wokupatsani LA mumuuze kuti mwana akumwa mankhwala a khunyu chifukwa ena mwa iwo amafooketsa LA m'thupi.

Akagwa mugonekeni chammbali, chotsani zimene zingamuvulaze, kansalu pansi pa mutu, basi. Musamuike sipuni kapena chala m'kamwa, lilime silimezedwa, mungomuthyola mano. Musamuthire madzi, musamumwetse kanthu, musamufukize utsi, musamupanikize pansi. Zikapitirira mphindi 5, kapena akagwa motsatizana osatsitsimuka pakati, nyamulani. Ndipo uzani mudzi wonse kuti thovu lija silipatsira munthu matenda, ndikunena izi chifukwa pali ana amene amapsa moopsa atagwera pamoto anthu ali pomwepo akuopa kumugwira. Wanuyu asakhale yekha pafupi ndi mafuwa kapena mbaula, asapite yekha kumtsinje kapena kuchitsime, za kukwera mitengo ya mango aiwale kaye. Neti usiku uliwonse, thupi likangotentha kukayezetsa tsiku lomwelo.

Mukadali kuchipatala pemphani amuyeze maso ndi makutu, chifukwa mwana wosamva bwino kapena wosaona pa bolodi amaoneka ngati wamwano chimodzimodzi. Ku Gulupu kuli kiliniki ya makutu, ku Lilongwe kuli ABC Hearing Clinic, za maso kuli zipatala za Lions ku Blantyre ndi ku Lilongwe.

Tsopano mbali yanga. Pemphani kalata yopita kwa a mafizo, zipatala zazikulu za Gulupu, Zomba, Kamuzu Central ndi Mzuzu zili nawo, zipatala zambiri za m'maboma nazonso zili ndi wa mafizo olo mmodzi, ndipo ku Blantyre kulinso malo a mafizo a Kachere. Koma ndikuuzeni chilungamo cha ntchito yathu, mphindi zochepa zimene mwana amakhala ndi ife kamodzi pamwezi sizibweza dzanja. Ife timaphunzitsa inu, mafizo enieni amachitikira pakhonde. Mwana akaona kuti lamanzere likuvuta amalisiya n'kumachita zonse ndi lamanja, ubongo nawo umayamba kuliiwala, nde mpatseni ntchito zofuna manja awiri, kutong'ola chimanga, kusenda nandolo kapena mtedza, kuumba ng'ombe zadothi, kukulunga mpira wa mapepala, kupinda mawaya a galimoto, bawo, kugwira mbale ndi lamanzere pamene akutsuka ndi lamanja. Zikhale masewera, mphindi 10 kapena 15 kangapo patsiku, mukazisandutsa chilango akana. Ndipo musamuchitire zonse chifukwa cha chifundo, olo achedwe bwanji kumanga mabatani a yunifomu dikirani, ndikudziwa mtima wa mayi umafuna kungomaliza kuti ntchito zina ziyende koma mabataniwo ndi mafizo. Ku mwendo onani chidendene ngati chikufika pansi. Akayamba kuyenda chonyang'ama ndiye kuti katumba akufupika, a mafizo akuonetseni kawongoledwe kake mofatsa osakoka mwamphamvu, pena pamafunika kapulasitiki kogwira phazi kamene amapanga ku malo opangira ziwalo ku Gulupu, kapena ku malo amene anakhazikitsa a 500 Miles ku Kamuzu Central ndi ku Mzuzu. Za kudya simunanene, koma ngati amatsamwa kapena kutsokomola pakumwa, azidya atakhala tsonga, pang'onopang'ono, phala lolimbirapo limamezeka bwino kuposa zamadzimadzi, ndipo mukanene chifukwa chakudya cholowera ku mapapo chimabweretsa chibayo.

Nkhani ya khalidwe ndi imene imapasula mabanja kuposa dzanja lopuwala, chifukwa dzanja aliyense amaliona n'kumva chisoni pamene ukali anthu amauwerenga ngati kuipa mtima. Kutsogolo kwa ubongo, kuseri kwa mphumi, ndi kumene kumagwira munthu kuti asachite chilichonse chimene chabwera m'mutu, kuli ngati mabuleki a njinga. Mwana wanu njinga ikuyenda koma mabuleki analeka kugwira, mng'ono wake akangomulanda kapu dzanja lafika kale asanaganize, kenako iye yemwe amalira osadziwa chachitika. Chikwapu sichikonza mabuleki. Ambirife tinakula nacho inde, koma kwa mwana uyu chimangowonjezera mantha ndi ukali, ndipo kumumenya kumutu ndiye musayerekeze n'komwe.

Chimene chimathandiza ndi kuona kuti zimayamba nthawi yanji. Mukatsatira sabata imodzi mupeza kuti si mwangozi, kawirikawiri ndi masana akaweruka, ali ndi njala, watopa, pali phokoso, ana ambiri akuyankhula nthawi imodzi. Ubongo wovulala umatopa msanga kwambiri, ntchito imene kwa mnzake ndi yopepuka iye imamumaliza mphamvu, nde akabwera kusukulu adye, agone kapena akhale pamalo a phee kwa ola limodzi asanakumane ndi anzake. Zochita za tsiku zikhale pa ndondomeko yomweyomweyo, kudzuka, kusamba, mankhwala, kudya, chifukwa chimene amaiwala m'mutu thupi limachigwira ndi chizolowezi. Pomutuma, muitaneni dzina, akuyang'aneni, chinthu chimodzi chokha, abwereze, osati "tenga ndowa ukatunge madzi pobwera udzere kwa agogo ukatenge mchere", zitatu zimenezo afika nacho chimodzi kapena palibe. Akayamba kulusa tsitsani mawu anu, chotsani mng'ono wake, mutengereni pambali, zokambirana zidikire mtima ukhale pansi. Malamulo akhalepo ndithu, kumenya n'koletsedwa ndipo azimva zimenezo tsiku ndi tsiku, koma akakwanitsa kudzigwira olo kamodzi muyamikireni pomwepo mokweza. Ndipo kumbukirani kuti uyu sanabadwe chonchi, akukumbuka kuti ankamenya mpira, ankawerenga, anzake ankamufuna pa timu, tsopano akumuseka kuti wazungulira mutu. Ukali wina ndi chisoni chake.

Kusukulu musamusiyitse. Pitani nokha kwa ahedi ndi mphunzitsi wake mutanyamula kalata ya kuchipatala, muwafotokozere kuti mwana anavulala mu ubongo ndi malungo, aphunzitsi ambiri akamva chonchi amasintha, ankati mwano chifukwa palibe anawauza, ndipo m'kalasi ya ana 100 kapena kuposa munthu sangadziwe yekha. Pemphani zinthu zotheka, akhale kutsogolo, asamenyedwe, apatsidwe nthawi yokwanira polemba, ngati tsiku lonse likumukulira ayambe ndi maola a m'mawa okha, ndipo aphunzitsi ndi anzake a m'kalasi adziwe chochita akagwa. Kubwereza kalasi si manyazi. Ngati pasukulupo zikuvuta pitani kwa a PEA, alangizi oyang'anira masukulu a pulayimale, ku ofesi yawo ku TDC mufunse za mphunzitsi wa special needs, wa ana ofunika chithandizo chapadera, wa m'dera lanu, alipo amene anaphunzira ku koleji ya Montfort ku Nguludi ku Chiradzulu, ena amayendera masukulu angapo. Lamulo la anthu aulumali la mu 2024 sililola sukulu kukana mwana chifukwa cha ulumali. China muchidziwiretu, mwana atha kuoneka ngati wachira ku sitandade 2 ndi 3, mavuto n'kudzatulukira ku sitandade 5 kapena 6 pamene Chingerezi ndi masamu zachuluka, sikuti matenda abwerera, ndi ntchito imene yakula kufika pamalo povulala paja.

Ndafika pamene ndimafuna kukhalitsa, pa mawu anu akuti ndatopa. Zonse ndalemba pamwambazi, mankhwala nthawi yake, mafizo kangapo patsiku, kumuyang'anira pamoto ndi pamadzi, maulendo a kuchipatala ndi kusukulu, kuwonjezera kumunda, kumjigo, kuchigayo ndi ana ena, si ntchito ya munthu mmodzi, ndipo ana amene ndimawaona akupita patsogolo kawirikawiri ndi a pakhomo pamene pali anthu atatu anayi ogawana ntchito. Mayi akafooka mankhwala amayamba kudumphidwa, masiku a kiliniki amaphonyedwa, mwana amatsekeredwa m'nyumba kapena kumangidwa chingwe pamtengo kuti mayi apite ku ganyu, ndipo ine sindiwaweruza amayi amenewo, anasiyidwa okha. Nde kupeza okuthandizani mukuwerengere m'gulu la mankhwala a mwanayo.

Itanitsani kamsonkhano ka banja, bambo ake, apongozi, malume a mwana, azakhali, olo ankhoswe ngati pakufunika wokhazika anthu pansi. Ndipo musangoti "mundithandize", mawu amenewo aliyense amavomera n'kupita kwawo. Gawani ntchito ndi mayina ndi masiku, agogo akhale naye Lachiwiri ndi Lachisanu masana kuti inu mupite kumunda kapena mungogona tulo, malume azimutenga pa njinga tsiku la kiliniki, azakhali a kutauni azitumiza ya thiransipoti pa Mpamba kapena Airtel Money mwezi ukatha. Aliyense wokhala naye aphunzire chochita akagwa, ambiri amakana kusiyiridwa mwana chifukwa cha mantha amenewo basi. Amayi a Mvano, a mphakati, a Dorika, a ku mzikiti, amabwera mwachangu pa maliro ndi pa matenda a pa bedi, koma matenda otenga zaka ngati awa sadziwa kuti alowere pati pokhapokha mutawauza kuti ndikufuna munthu wokhala ndi mwana Lachinayi m'mawa.

Bambo akewo musafulumire kuwataya. Abambo ambiri amathawa ndi manyazi ndi mantha, mwana amene ankamuwerengera wasintha, ndalama zinathera kuchipatala, ndipo m'midzi mwathu muno mwana akasintha chonchi anthu amayamba kunong'ona kuti bambo akukhwimira bizinesi kapena wina pa banjapo anasempha mwambo, munthu n'kusankha kukhala kumsika mpaka mdima. Sindikuti zili bwino, sizili bwino ayi. Koma kuwakalipira usiku atabwera sikuwabweza. Chimene chimagwira ntchito ndi kupita nawo kuchipatala akamve okha, muwapemphe adokotala mwachindunji kuti awafotokozere abambo, kenako muwapatse ntchito yawoyawo yomveka, mankhwala a usiku akhale awo, mpira madzulo ndi mwana wawo ndi mafizo a mwendo amenewo. Akakana zonse n'kusiya kusamala banja, lamulo limakakamiza kholo kusamalira mwana wake, ku ofesi ya social welfare kwa DC kapena ku Victim Support Unit ku polisi amathandiza nkhani zotero.

Apongozi nawo akufuna yankho lakuti n'chifukwa chiyani mdzukulu wawo, ndipo ufiti ndi yankho limene lili pafupi. Kutsutsana nawo pa zikhulupiriro simupambana, mungodana, pamene mukuwafuna Lachiwiri ndi Lachisanu paja. Gwirizanani pa zinthu zochepa zosasuntha, mankhwala a kuchipatala sasiyidwa zivute zitani, mwana samwetsedwa kanthu ali chikomokere, satemedwa mphini, mbuzi ndi chimanga cha pakhomo sizigulitsidwa kulipira woombeza. Mapemphero apempheredwe ndithu, koma m'busa wonena kuti tayani mapiritsi kuti muonetse chikhulupiriro ameneyo mutalikireni. Ndipo asatchulidwe munthu kuti ndiye mfiti, lamulo limaletsa, komanso agogo okalamba avulazidwa m'dziko muno pa nkhani zoyamba chonchi.

Ana enawo musawaiwale. Mng'ono wake amene akumenyedwayo atetezedwe, afotokozeredwe m'mawu a msinkhu wake kuti mkulu wake anadwala m'mutu ndipo akuphunziranso kudzigwira, ndipo apeze kanthawi kake ndi inu olo ka popita kumjigo. Ngati pali mchemwali wake wamkulu, athandize koma asajombe kusukulu chifukwa cholera, izi zimachitika mwakachetechete, tsiku limodzi, sabata, kenako mtsikana wasiya sukulu. Ndipo mwana woiwala, wosadziwa kukana, anthu oipa amamupezerera kaya ndi mnyamata kaya mtsikana, muzidziwa ali kuti ndipo ali ndi ndani, chikakukayikitsani nambala ya ana ya 116 ndi yaulere.

Inuyo amayi, n'zololedwa kulira mwana amene munali naye olo ali moyo pamaso panu, anthu amati thokozani kuti sanafe ndipo mukuthokoza, koma chisonicho nachonso n'choona. Ngati tulo sitikubwera, chakudya sichikulowa, mukungolira masabata angapo, kapena maganizo oti bola kufa kapena oti mumuvulaze mwana akubwera, musabise, chipatala cha m'boma chimakhala ndi nesi kapena dokotala wa matenda a maganizo, a St John of God nawo ali ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Amenewo ndi matenda ndipo amachizika.

Za thandizo la kunja ndinene mosakokomeza kuti lilipo koma silibwera lokha pakhomo. Yambani ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu adziwe za mwanayu. Ku social welfare mukamulembetse, mufunsenso za Mtukula Pakhomo, amasankha mabanja osaukitsitsa amene alibe anthu okwanira ogwira ntchito nde si onse amalowa, koma mayi womangika ndi kulera mwana wodwala ali ndi chifukwa chofunsira. A MACOHA, bungwe la boma loona za anthu aulumali, amene tsopano akutchedwa MACODA, ali ndi ogwira ntchito m'maboma ena, ndipo kuli bungwe la makolo a ana aulumali la PODCAM, funsani ngati lili ndi gulu kwanuko. Ngati palibe, tsiku la kiliniki ya khunyu kapena ya mafizo yang'anani pa benchi, amayi amene mwakhala nawo pamzere ndi gulu kale, tenganani manambala, atatu anayi mukhoza kumasinthana kukatengerana mankhwala kapena kuyambitsa banki mkhonde yanuyanu ya thiransipoti. Inu amene mwana anagundidwa pamsewu, lipoti la polisi ndi la dokotala muzisunge bwino, chipukuta misozi cha inshuwalansi chimayendera mapepala amenewo.

Gulani kakope kamodzi. Muzilembamo tsiku limene wagwa ndi nthawi yake, mankhwala ndi mlingo wake, komanso chatsopano chilichonse chimene wakwanitsa, wagwira sipuni ndi lamanzere, watumidwa mchere n'kubwera nawo, chifukwa munthu wokhala naye tsiku ndi tsiku saona kusintha mpaka atatsegula masamba a miyezi itatu yapitayo. Popita kuchipatala sabata ino tengani kopelo pamodzi ndi kabuku kake ka kuchipatala kamene analembamo za malungo aja, dokotala amene mukamupeze mwina si amene anamuona pa wodi.